Wachigayo wa ku Masasa angaphunzitse boma kusamala magetsi

Magetsi akathima ku Masasa mumzinda wa Mzuzu sipafunika wina kulengeza. Zigayo zimangoti zii nthawi imodzi, owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo amavula magalasi awo akuda n'kukhala pansi, wometa amatsala ndi mutu wa kasitomala uli theka, ndipo mayi wogulitsa mafilizesi amaletsa ana kutsegula filiji.

Akayakanso nkhawa siithera pomwepo. Maso onse amapita pa kabokosi kapakhoma kaja, mita yolipiriratu, yomwe manambala ake amatsika mwini wake akuona.

Funsani mwini chigayo aliyense wosamala bizinesi yake kuti mayunitsi omwe wagula m'mawa agaya matini angati a chimanga, akuyankhani osakanda mutu. Akaona kuti mayunitsi atha msanga koma ndalama m'kabati ndi zochepa, amadziwa kuti pali ziwiri: mwina mnyamata wogayitsa wabisa ndalama, kapena chigayo chadwala. Funso lomwelo mukalifunse mkulu wa ofesi ya boma, ya sukulu yogonera pomwepo kapena chipatala: kodi mwezi wathawu mudagwiritsa ntchito mayunitsi angati, ndipo adathera kuti? Ambiri akutumizani kwa akauntanti, ndipo akauntantiyo akuuzani ndalama zomwe zidalipidwa basi.

Kusiyana kumeneku ndiye phata la nkhani yochepetsa ndalama zomwe makampani ndi mabungwe a boma amataya pa magetsi ndi mafuta.

Zaka zapitazo nkhaniyi ikadaoneka ngati yongotayitsa nthawi chifukwa magetsi adali otsika mtengo. Pano zinthu zidasintha. Mu Seputembala 2023 bungwe loona za magetsi ndi mafuta la Mera lidalola Escom kukweza mtengo wa magetsi ndi 18 peresenti, ndipo ili lidali gawo loyamba chabe la kukweza kwa 50.8 peresenti komwe kudagawidwa m'zaka zinayi. Patangopita miyezi iwiri, mu Novembala, mphamvu ya kwacha idachepetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira mota ya chigayo mpaka batire la sola, chidakwera mtengo.

Vuto lina ndi loti magetsiwo ndi ochepa. Malo akuluakulu opangira magetsi a kampani ya Egenco, yomwe idapatulidwa ku Escom mu 2017, ali pa mtsinje umodzi wa Shire: Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi atachepa m'nyanja ya Malawi mu 2016 ndi 2017, dziko lonse lidakhala mumdima maola ochuluka patsiku mpaka kudabwera majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko, omwe adatidyera ndalama zankhaninkhani. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndipo makinawo adabwerera onse mu 2023.

Kumpoto kuno ndi kumapeto kwa chingwe. Kupatula malo aang'ono a Wovwe ku Karonga, omwe safika mamegawati 5, ndi majenereta a dizilo a ku Luwinga, magetsi ambiri a mumzinda wa Mzuzu amayenda makilomita mazanamazana kuchokera kummwera. Chingwe chatsopano chochokera ku Chintheche kudzera ku Luwinga mpaka ku Bwengu, chomwe chidamangidwa ndi thandizo la dziko la America pa ntchito yomwe idatha mu 2018, chidathandiza. Komabe aliyense amene adapsetsapo mota chifukwa cha magetsi obwera ofooka akudziwa kuti kukhala kutali ndi Shire kuli ndi mtengo wake.

Ndiye wabizinesi atani? Ambiri akamva za kuchepetsa bilu ya magetsi amathamangira kuganiza zogula: jenereta, sola, mabatire. Koma akatswiri a nkhanizi amayambira pena. Iwo amayamba ndi kuwerenga.

Tibwerere kuchigayo, chifukwa zonse zimaoneka bwino kumeneko. Chomwe chimadya magetsi ndi mota. Mahamala a m'kati akatha mano, chimanga chimazungulira nthawi yaitali chisanasanduke ufa, ndipo mota imakoka magetsi nthawi yonseyo. Sefa ikatsekeka ndi chimodzimodzi. Lamba akakhwepa amaterereka, mphamvu ina n'kumathera m'kutentha. Mota yomwe idapsa n'kukulungidwanso mawaya mwachisawawa imagwira ntchito ndithu, koma kawirikawiri imadya magetsi ambiri kuposa poyamba. Nanga chizolowezi chosiya chigayo chikulira podikira kasitomala amene akupetabe mphale yake panja? Mota yozungulira yopanda chimanga imadyabe mayunitsi.

Mwini chigayo amene amalemba m'kope mayunitsi a m'mawa, a madzulo ndi matini omwe agayidwa, amaona matenda onsewa chigayo chisanaime. Akaona kuti tini iliyonse yayamba kudya mayunitsi ambiri kuposa sabata yatha, amatembenuza mahamala kapena kugula ena, zomwe mtengo wake ndi wochepa pofanizira ndi magetsi omwe akadatayika mwezi wonse. Ena amadikira kuti anthu achuluke kaye ndi pomwe aziyatsa, m'malo moyatsa n'kuthimitsa pa kasitomala aliyense. Palibe amene adawatuma kusukulu ya zamagetsi. Chidawaphunzitsa ndi mita yolipiriratu ndi thumba lawo.

Pa golosale masamu ake ndi osavuta. Yunitsi imodzi ndi mphamvu ya mawati 1,000 yogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Mababu khumi akale a mawati 60 akamayaka maola asanu patsiku amadya mayunitsi 90 pamwezi. Mababu a LED a mawati 9, omwe amawala pafupifupi chimodzimodzi, amadya mayunitsi osafika 14. Filiji yomwe labala wa pachitseko adang'ambika, kapena yomwe adaikankhira kukhoma mpaka kumbuyo kwake sikupita mphepo, imangolira usana ndi usiku osapuma.

Makampani akuluakulu, monga a ku Luwinga, amakumana ndi bilu ya mtundu wina, yomwe eni ake ambiri amailipira osaimvetsa. Kasitomala wamkulu salipira mayunitsi okha. Amalipiranso malinga ndi mphamvu yochuluka kwambiri yomwe adakoka pa nthawi imodzi m'mweziwo, yomwe pa bilu imalembedwa m'ma kVA. Izi zikutanthauza kuti fakitale ikayatsa makina ake onse nthawi imodzi m'mawa wa Lolemba, mita imasunga nsonga imeneyo, ndipo kampaniyo imalipirira nsongayo ngakhale masiku ena onse makina atayenda pang'onopang'ono. Kungouza anyamata kuti makina aziyatsidwa motsatizana, ena akayamba kuyenda bwino ndi pomwe ena aziyatsidwa, kumatha kutsitsa bilu popanda kugula ngakhale bawuti imodzi.

Kwa makasitomala oterewa mtengo wa yunitsi umasiyananso malinga ndi nthawi. M'maola omwe dziko lonse likulimbirana magetsi, m'mawa ndi madzulo a masiku antchito, yunitsi imakwera mtengo. Usiku ndi kumapeto kwa sabata imatsika kwambiri. Ntchito yomwe ingadikire, monga kupopa madzi odzaza thanki, kuziziritsa katundu kapena kugaya zakudya za nkhuku, ikasunthidwira usiku imachitika yomweyo pa mtengo wotsika. N'zoona kuti ogwira ntchito usiku amafuna kawowonjezera ndi mayendedwe, ndiye kampani iyenera kuwerengera zonse. Koma kuwerengerako ndiye kofunika.

Palinso msampha wa mamota akuluakulu kuposa ntchito yake. Mota yotere imakoka mphamvu ina yomwe siigwira ntchito iliyonse koma imadzaza mawaya ndi thiransifoma, ndipo imakweza ma kVA aja. Amisiri amathetsa vutoli poika zipangizo zotchedwa makapasita pafupi ndi mita kapena pa motayo. Si zipangizo zooneka bwino zoti nduna ingabwere kudzadula riboni, n'chifukwa chake mwina sizitchuka.

Jenereta ndiye amafunika kumuyang'ana ndi diso la akauntanti. Lita imodzi ya dizilo imatulutsa mayunitsi atatu kapena kuposerapo pang'ono pa jenereta wabwino amene wasenzetsedwa katundu woyenera. Mu Novembala 2023 dizilo adafika pa K2,734 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 adafika pa K3,500. Pa mtengo wachiwiriwu, yunitsi imodzi ya jenereta imadya pafupifupi K1,000 kapena kuposa pa mafuta okha, osawerengera oyilo, mafyuluta ndi makaniko. Uku ndi kuwirikiza kangapo mtengo wa Escom. Tsono mukapeza jenereta wamkulu akubangula kuseri kwa ofesi pofuna kuyatsa makompyuta atatu ndi ketulo ya tiyi, dziwani kuti ndalama zikupsa. Jenereta wosenza katundu wochepa amamwa mafuta ambiri pa yunitsi iliyonse ndipo amaonongeka msanga. Njira yanzeru ndi kupatula mawaya a zinthu zofunikadi, monga filiji ya mankhwala ndi chipinda cha opaleshoni, kuti jenereta azidyetsa zokhazo.

Makampani ena m'dziko muno adapita patali. Illovo, ku Dwangwa ndi ku Nchalo, imawotcha zotsalira za nzimbe popanga nthunzi ndi magetsi oyendetsera mafakitale ake. Ku Mulanje, minda ya tiyi ya Lujeri yakhala ikupanga magetsi akeake kuchokera m'mitsinje ya m'phiri. Awa ndi makampani a ndalama, ndipo wowotcherera wa ku Masasa sangawatsanzire. Koma nzeru yake ndi imodzi: adayang'ana chomwe ali nacho pakhomo asanayang'ane kunja.

Mabungwe a boma omwe nkhaniyi imawaluma kwambiri ndi a madzi, ndipo apa ndi pomwe munthu wamba amalowa m'nkhaniyi ngakhale kunyumba kwake kulibe magetsi. Madzi ndi olemera. Malita 1,000 ndi tani imodzi. Kuti akwere mtunda pamafunika pampu, ndipo pampu imadya magetsi.

Chitsanzo chodziwika ndi Blantyre Water Board, yomwe imapopa madzi ake ambiri kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera mamita pafupifupi 800 kuti afike mumzinda. Magetsi akhala akudya gawo lalikulu la ndalama za bungweli kwa zaka zambiri. Ntchito yotenga madzi ku Likhubula m'phiri la Mulanje, yomwe idatha mu 2019 ndi ngongole yochokera ku India, idali yankho la vuto la madzi komanso la magetsi, chifukwa madzi ochokera m'phiri amayenda mtunda wautali okha motsetsereka.

Ku Mzuzu, bungwe la Northern Region Water Board limadalira damu la Lunyangwa. Mtunda wake si wa Walker's Ferry, koma mzindawu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo Masasa ndi amodzi mwa madera omwe nyumba zidakangamira m'mbali mwa zitunda. Madzi oyeretsedwa amayenera kukankhidwa kupita m'mathanki a pamwamba kuti atsikire m'mipopi ndi m'makiyosiki. Paipi ikaphulika n'kukhala masiku atatu madzi akuyenderera mumsewu, chomwe chikutayika si madzi okha. Ndi mankhwala omwe adawayeretsa ndi magetsi omwe adawakweza. M'mabungwe a madzi m'dziko muno, pafupifupi lita imodzi mwa atatu alionse, ndipo kwina kuposa apo, siibweretsa ndalama chifukwa cha kudontha, kuba ndi mamita olakwika. Choncho gulu la amisiri lothamangira kukatseka paipi yophulika likuchita ntchito yosamala magetsi, ngakhale palibe amene amaitcha choncho. Zikalephereka, mtengo wake umakathera pa chidebe cha mayi amene wafola pa kiyosiki m'bandakucha.

Dziko lino lidayesapo kale kusamala magetsi pamlingo waukulu, ndipo zidatheka. Cha m'ma 2012, ndi thandizo la dziko la Britain, boma ndi Escom adagawa ndi kugulitsa motchipa mababu osadya magetsi ambiri pafupifupi 2 miliyoni, kuchotsa mababu akale otentha aja m'nyumba, m'mabizinesi ang'onoang'ono ndi m'nyumba za boma. Tangowerengerani nokha: mababu 1 miliyoni a mawati 60 akalowedwa m'malo ndi a mawati 15, ndipo onse n'kuyaka nthawi imodzi madzulo, dziko lapulumutsa mamegawati 45. Izi zikuposa mphamvu ya Nkula A, yomwe itakonzedwanso mu 2018 idafika mamegawati 36. Kumanga malo opangira magetsi kumatenga zaka. Kusintha babu kumatenga mphindi imodzi ndi mpando wokwerapo.

Nanga bwanji nzeru yooneka poyera chonchi imavuta kulowa m'maofesi a boma?

Yankho lake, kunena mosapsatira, ndi loti bilu ya boma ilibe mwini. Amene amayatsa si amene amalipira, ndipo amene amalipira sadziwa chomwe chidayatsidwa. Mzuzu ndi mzinda wozizira, ndipo mu Juni ndi Julayi pansi pa madesiki ambiri pamakhala hita. Palibe cholakwa munthu kuwotha. Kuzizira kwa kuno si kwamasewera. Koma hita imodzi ya mawati 2,000 ikayaka maola asanu ndi atatu imadya mayunitsi 16 patsiku, kapena 352 m'masiku 22 antchito. Ikaiwalika Lachisanu madzulo imawotha mipando mpaka Lolemba. Onjezani magiza omwe sathimitsidwa chaka chonse, magetsi a panja oyaka dzuwa lili paliwombo, ndi mapoto amagetsi a m'makhitchini a sukulu omwe amayatsidwa nkhani zili m'kamwa, nyemba zisanasankhidwe.

Kwa zaka zambiri nthambi za boma zinkagwiritsa ntchito magetsi ndi madzi pangongole, ndipo ngongolezo zidafika mabiliyoni. Unyolo wake ndi womvetsa chisoni: nthambi ya boma ikalephera kulipira bungwe la madzi, bungwelo limalephera kulipira Escom, ndipo Escom imachedwa kulipira Egenco, yomwe imafuna ndalamazo kuti ikonze makina pa Shire. Kuika mamita olipiriratu m'nthambi zambiri za boma kudathandiza kutseka bomba la ngongole zatsopano. Koma mita payokha siisintha khalidwe ngati ndalama zogulira mayunitsi zikungochotsedwa ku thumba la ORT, lomwe ndi la ntchito za tsiku ndi tsiku, popanda wofunsa. Kuchipatala thumba lomwelo ndi lomwe limagula mafuta a ambulansi ndi chakudya cha odwala. Kusukulu ndi lomwe limagula choko. Yunitsi iliyonse yothera pa giza wopanda womusamba yalanda kena kake kumeneko.

Maiko ena adaika dongosolo pa nkhaniyi. Mu 2011 bungwe loona za miyezo padziko lonse lidatulutsa muyezo wotchedwa ISO 50001. Mukauchotsa chizungu chake chonse, zomwe umafuna ndi zomwe wachigayo uja amachita m'kope lake: dziwa zomwe ukugwiritsa ntchito lero, peza makina omwe akudya kwambiri, ika mlingo womwe ukufuna kufika, patsa munthu mmodzi udindo woyankhapo, ndipo bwerezanso kuwerenga mwezi ndi mwezi. Mfundo ya munthu mmodziyo ndiyo imasowa kwathu kuno. Maofesi ali ndi woyang'anira galimoto, woyang'anira sitolo, ngakhale woyang'anira makiyi, koma woyang'anira mita mulibe.

Sola ndi yabwino, ndipo palibe akutsutsa. Dzuwa likuthandiza kale dziko lino kudzera m'minda ya sola ya ku Salima, ya mamegawati 60, yomwe idatsegulidwa mu 2021, ndi ya ku Golomoti ya mamegawati 20. Bwalo la ndege la Kamuzu lidalandira sola ya makilowati 830 kuchokera ku Japan mu 2013. Koma walira mvula walira matope. Batire ili ndi zaka zake, ndipo ikafa imafuna ndalama zakunja. M'mizinda yathu tidaona nyali za mumsewu zoyendera dzuwa zikuwala bwino chaka choyamba, kenako n'kuyamba kuthima imodziimodzi, zina chifukwa cha akuba, zina chifukwa palibe adaika ndalama zosinthira mabatire mu bajeti. Mzuzunso ndi wa mitambo ndi mvula yowaza, ndiye sola yoyezedwa ndi dzuwa la ku Nsanje ingakhumudwitse kuno. Chachikulu n'choti ofesi yomwe siidachotse mababu akale ndi mafiliji otha ntchito idzagula sola yaikulu kuposa yomwe ikufunika, n'kulipira kawiri chifukwa cha kusasamala komweko.

Pali kupulumutsa kwina komwe ndi kwabodza. Magetsi akakwera mtengo kapena akamathimathima, malesitilanti, ophika masikono ndi sukulu zina amabwerera ku makala ndi nkhuni. M'buku la ndalama zimaoneka ngati apulumutsa. Koma mitengo ina yomwe imasanduka makala a mumzinda uno imachokera m'nkhalango ya Kaning'ina ndi madera ozungulira, komwe ndi kuchimake kwa madzi a m'damu la Lunyangwa. Nkhalango ikatha, dothi limakokolokera m'damu, madzi amavuta kuyeretsa, ndipo bilu yomwe idathawidwa kukhitchini imakatulukira ku mpopi. Anthu a ku Masasa, omwe adaona nyumba zikugwa ndi mvula ya mu Epulo 2016, akudziwa zomwe dothi la pamtunda limachita likasowa chogwira. Sukulu kapena ndende yomwe singachitire mwina koma kuphikira nkhuni, bola imange mbaula zamakono za mapoto akuluakulu zomwe zimasunga moto, kusiyana ndi mafuwa atatu.

Chodabwitsa n'choti luso lothana ndi zonsezi lili mumzinda momwemu. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi dipatimenti yophunzitsa za mphamvu zamagetsi ndi zongowonjezereka, ndipo chaka chilichonse ophunzira ake amasaka malo ochitira maphunziro a pantchito. Khonsolo ya mzinda, zipatala, sukulu zogonera pomwepo ndi maofesi a boma akadatha kuwatsegulira zitseko kuti ayende chipinda ndi chipinda, kulemba chilichonse cholumikizidwa kukhoma, mawati ake ndi maola omwe chimayaka. Kafukufuku wotere safuna galimoto yatsopano kapena msonkhano wa kunyanja.

Chomwe chingavute ndi cha ku Capital Hill. Mkulu wa sukulu kapena chipatala akadziwa kuti akachepetsa bilu ya magetsi, chaka chamawa bajeti yake idulidwa ndi ndalama zomwezo, sangadzivutitse kukangana ndi anzake pa nkhani ya mahita. Unduna wa zachuma utalola kuti gawo la ndalama zopulumutsidwa lizitsala pamalopo, kuti ligule mankhwala, mabuku kapena mababu ena a LED, ndipo alembi a maunduna atamafunsidwa mayunitsi a nthambi zawo pamodzi ndi malipoti a ndalama miyezi itatu iliyonse, mamita a m'maofesi a boma angapeze owawerenga.